Kuika matayala ndi marimu akuluakulu pa pikapu yokoka ngolo: yezani kaye musanalipire

Tsiku la msika pa Lizulu mukaima m'mbali mwa M1 muona mapikapu a mitundu iwiri. Ena ndi a anthu odutsa, aima kuti agule kabichi ndi tomato, marimu ali waliwali, matayala otambalala ngati a thirakitala. Ena ndi athuwa, otuwa ndi fumbi la ku Tsangano, kumbuyo akukoka ngolo yodzaza matumba a mbatatesi. Mtima umasirira ndithu. Ndipo si kusirira chabe: nthawi ya dzinja misewu yolowa m'minda ya ku Bembeke imakumbika, difu, chitsulo chotupa cha pakati pa ekiselo, imakhula pansi, munthu n'kumaganiza kuti tayala lalitali pang'ono likanamupulumutsa.

Inenso ndinasirira. Hilux yanga inabwera ndi matayala a 265/65R17, ine n'kukagula a 285/70R17 pamodzi ndi marimu otuluka kunja. Wogulitsa anangoti, "Alowa bwinobwino, bwana." Analowadi. Koma ulendo woyamba wotsika mtsetse wa Khwekhwerere ndi ngolo yodzaza, ndisanafike n'komwe ku Golomoti, mabuleki anayamba kununkha ndipo phazi linkalowa kwambiri kuposa kale. Pobwerera, pomwe ndinkakwera ndi giya yachiwiri galimoto inafuna yoyamba. Ndinali ndi mwana wanga kutsogolo tsiku limenelo, ndipo mantha amene ndinamva sindifuna wina awamve. Ndinawachotsa matayalawo. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi imene ndimatsata tsopano.

1. Lembani zomwe galimoto inabwera nazo

Tsegulani chitseko cha dalaivala. Pachipilala pake nthawi zambiri pamakhala kapepala komata kosonyeza saizi ya matayala ndi mpweya wake. Fufuzaninso kachitsulo kolembedwa kulemera komwe galimoto imaloledwa kunyamula: yonse pamodzi, ekiselo yakutsogolo, ekiselo yakumbuyo. Lembani manambala onsewa papepala. Musadalire matayala omwe alipo panopa, chifukwa magalimoto athu ambiri tinagula kwa anthu ena, ndipo mwini wake woyamba mwina anasintha kale.

Ngolo ikhale yokoleka pamalo athyathyathya, muyeze ndi tepi kuchokera pansi kufika pamwamba pa kampira kokolekapo ngolo. Nambala imeneyi tidzaifuna kumapeto.

2. Werengerani kutalika kwa tayala

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, choncho tidekhe.

Pa 265/65R17, nambala 265 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Nambala 65 ikutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi maperesenti 65 a kutambalalako. Ndipo 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Kuti mupeze kutalika kwa tayala lonse, tengani 265 kuchulukitsa ndi 0.65, mupeza pafupifupi 172. Makoma ndi awiri, lapamwamba ndi lapansi, ndiye 344. Rimu ya mainchesi 17 kuchulukitsa ndi 25.4 ndi mamilimita 432. Mukaphatikiza, tayala ndi lotalika mamilimita 776.

Chitani chimodzimodzi ndi tayala lomwe mukulifuna. La 265/70R17 ndi mamilimita 803, kutanthauza kuti lakula ndi maperesenti atatu ndi theka. La 285/70R17, langa lija, ndi 831, maperesenti 7. Kwa amene galimoto yawo inabwera ndi 205R16C, yomwe ndi mamilimita 734, la 245/70R16 ndi 749, maperesenti awiri okha, pomwe 265/70R16 ndi 777, kuyandikira maperesenti 6.

Mwina mukuti maperesenti 7 ndi ochepa. Taganizani chonchi: tayala lili ngati mpini wa sipanala, koma wogwira ntchito motsutsana nanu. Likatalika, injini imayenera kulimba kwambiri kuti iliyendetse, ngati kuti giya iliyonse yakwera pang'ono. Mphamvu yokokera yofika pansi imatsika ndi maperesenti omwewo. Mabuleki nawonso amataya chimodzimodzi, chifukwa disiki ndi dilamu sizinakule, koma tayala lomwe zikuligwira latalika komanso lalemera. Kutsika ndi giya, komwe timadalira pamitsetse, nakonso kumafooka. Galimoto yopanda katundu simungamve kwenikweni. Koma ikani matumba 20 a fetereza a makilogalamu 50, tani yathunthu, kenako kolekani ngolo, muyambe kunyamuka pachitunda. Kilachi ndi imene imalipira. Ngati giya ndi ya otomatiki, mafuta ake amatentha.

Ndipo zonsezi mukupindulanji? Galimoto imakwera ndi theka lokha la kusiyana kwa matayala. Kuchoka pa 776 kufika 803, difu yakwera mamilimita 13. Kufika pa 831 yakwera 27, osakwana zala ziwiri.

Langizo langa kwa galimoto yokoka: kwerani sitepe imodzi yokha, maperesenti atatu kapena atatu ndi theka, osapitirira. Walira mvula walira matope. Ngakhale sitepe imodziyi dizilo muziwonjezerako.

Pali chisokonezo china chomwe ndimachimva kawirikawiri. Rimu yaikulu si tayala lalikulu. La 265/50R20 ndi mamilimita 773, kufupikirako poyerekeza ndi 265/65R17, kungoti rimu yadya malo a khoma la tayala. Khoma limenelo ndi lomwe limameza maenje ndi miyala. Marimu a mainchesi 20 amakongola pa tala ya mumzinda, koma pamsewu wa fumbi wonyamulira mbatatesi amapindika kapena kung'aluka, ndipo matayala ake olimba onyamula katundu ndi ovuta kupeza. Ife a kuno tikhale pa 16 kapena 17.

3. Onani mphamvu yonyamula ya tayala

Pambuyo pa saizi pamakhala nambala ndi chilembo, monga 112S kapena 121/118Q. Nambalayo ndi load index, ndipo imanena makilogalamu omwe tayala limodzi lingasenze. 104 ndi makilogalamu 900, 108 ndi 1,000, 110 ndi 1,060, 112 ndi 1,120, 115 ndi 1,215, 121 ndi 1,450. Pakakhala manambala awiri, yoyamba ndi ya tayala lokhala lokha, monga pa pikapu. Yachiwiri ndi ya matayala ophatikiza awiriawiri ngati pa lole. Chilembo ndi liwiro: Q ndi makilomita 160 pa ola, R 170, S 180, T 190.

Tengani kulemera kwa ekiselo yakumbuyo komwe munalemba, gawani pawiri. Tiyerekeze kuti ndi makilogalamu 1,800: tayala lililonse lisachepere 900. Koma musakhale pamalire enieni, ndipo musatsike pansi pa nambala yomwe kampani inaikapo. Kumbukirani kuti kulemera kwa mphuno ya ngolo kumagwera kumbuyo kwa ekiselo, ndiye matayala akumbuyo amasenza koposa momwe maso akuonera.

Sankhani tayala lolembedwa LT kapena C, zilembo za matayala a magalimoto onyamula katundu. Makoma ake ndi olimba, ndipo ngolo ikayamba kugwedeza mchira galimoto siyendera limodzi nayo. Pa mapangidwe a mano, A/T, ya misewu ya mitundu yonse, imakwanira ntchito zathu zambiri. M/T, ya mano akuluakulu, imagwira bwino m'matope, koma pa tala yonyowa imachedwa kuima, ndipo tonse tikudziwa nkhungu ndi mvula yowaza ya ku Dedza.

Za matayala a kaunjika ndinenepo pang'ono, poti ndi omwe ambirife timakwanitsa. Pakhoma pali zilembo DOT, ndipo manambala anayi omaliza ndi sabata ndi chaka chomwe tayala linapangidwa: 2321 ndi sabata ya 23 chaka cha 2021. Tayala lodutsa zaka zisanu ndi chimodzi, ngakhale mano akuoneka bwino, labala wake amakhala atayamba kuuma. Lipindeni, muone ming'alu pakati pa mano ndi m'mbali. Lowetsani dzanja m'kati mufufuze zigamba. La chotupa kapena chigamba cha pakhoma lisiyeni. Pa galimoto yokoka ngolo ine ndimalolera kudikira mwezi wina kuti ndigule atsopano.

4. Sankhani rimu yogwirizana ndi habu, pomwe rimu imamangidwira

Zinthu zisanu ziyenera kugwirizana, ndipo wogulitsa nthawi zambiri amangotchula chimodzi.

Choyamba ndi mabowo a mabawuti. Hilux yokwera m'mwamba, Ford Ranger, Isuzu KB ndi D-Max, komanso Mitsubishi Triton zili ndi 6x139.7: mabawuti asanu ndi limodzi pa bwalo la mamilimita 139.7. Nissan Navara D40 ili ndi mabawuti asanu ndi limodzi omwewo koma pa 114.3, ndiye musanyengedwe ndi kuwerenga mabowo kokha. Land Cruiser 79 ili ndi 5x150.

Chachiwiri ndi bowo lapakati. La Hilux ndi mamilimita 106.1, la Ranger 93.1. N'chifukwa chake rimu ya Ranger simalowa pa Hilux ngakhale mabawuti akufanana. Ena amapita nayo kokakulitsa bowo ndi makina. Pa galimoto yosenza katundu musatero. Marimu ogula padera nthawi zambiri amabwera ndi bowo lalikulu, monga 110, ndipo amafuna mphete yodzaza mpatawo kuti rimu ikhale pakati penipeni. Popanda mphete chiwongolero chimanjenjemera, mumangobwerezabwereza balansi osatha.

Chachitatu ndi offset, yolembedwa ET kuseri kwa rimu. Imanena momwe rimu ilowera m'kati kapena itulukira kunja. Nambala ikatsika, tayala limatuluka. Marimu a mainchesi 17 a Hilux amakhala pa ET30, a Ranger yatsopanoko ET55. Rimu ya ET0 pa Hilux imatulutsa tayala mamilimita 30, ndipo katulukidwe kameneko ndi kamene anyamata amakakonda. Koma katundu sakugweranso pomwe bering'i inapangidwira, ndiye mabering'i ndi maboljointi amatha msanga, chiwongolero chimamenya m'maenje, ndipo tayala lotuluka kunja kwa madigadi limaponyera miyala pa ngolo yanu yomwe ndi kuwaza matope anthu a njinga za kabaza omwe mukuwadutsa. Musatalikirane ndi nambala ya kampani kuposa mamilimita 10 kapena 15. Maspesa, zitsulo zoika pakati pa habu ndi rimu, pa galimoto yokoka ndimakana.

Chachinayi, rimu nayo ili ndi malire a katundu, ndipo marimu abwino amadindidwa makilogalamu ake kuseri. Ikhale yofika pa theka la ekiselo lija kapena kuposa. Ngati palibe cholembedwa ndipo wogulitsa sakudziwa, isiyeni. Marimu ambiri owala anapangidwira magalimoto opepuka. Rimu yachitsulo si yochititsa manyazi: ikapindika m'mphepete imawongoleka ndi hamala, pomwe ya aluminiyamu imasweka.

Chachisanu ndi kutambalala: tayala la 245 limakhala bwino pa rimu ya mainchesi 7, la 265 pa 7.5 kapena 8.

Musaiwale manati. Marimu a aluminiyamu a Toyota amagwiritsa ntchito nati ya washa yathyathyathya, pomwe marimu ambiri ogula padera amafuna nati yosongoka. Nati yolakwika imamanga ngati yagwira, kenako imamasuka pamsewu. Pa bawuti ya M12x1.5 nati izungulire kosachepera kasanu ndi katatu isanagwire.

5. Yesani limodzi musanagule onse

Pemphani wogulitsa kuti aveke tayala limodzi pa rimu imodzi, muliike kutsogolo. Akakana, pitani kwina.

Galimoto ili pa jeke, zungulitsani tayala ndi dzanja mumvetsere ngati rimu ikukhula kalipa ya buleki. Izi zimachitika makamaka mukaika 16 pa galimoto yomwe inabwera ndi 17. Tsitsani galimoto, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali imodzi, kenako inayo. Lowetsani dzanja kuseri: pakati pa tayala ndi mkono wapamwamba wa saspenshoni, paipi ya buleki, chasisi, bampa ndi mphira wotchinga matope. Paliponse chala chizilowa momasuka. Kenako pakani choko pamapewa a tayala, mudutse ngalande mopingasa chiwongolero chili chopinda, kutsogolo ndi chambuyo. Pomwe choko chasiya chizindikiro ndi pomwe lidzakhule muli ndi katundu.

Kudula pang'ono pulasitiki wa m'kati mwa madigadi si vuto. Koma akayamba kukamba zodula chitsulo cha chasisi kapena pomwe bodi imakhalira, dziwani kuti tayalalo ndi lalikulu kwa galimoto yanu.

Yesaninso sipeya. Pa pikapu imakhala pansi kumbuyo, pomwe chitsulo chokokera ngolo chimadutsa, ndipo tayala lokulirapo nthawi zina silikwananso. Mugule asanu, osati anayi. Pa galimoto ya 4x4 matayala osiyana kutalika amavutitsa difu ndi giyabokosi.

6. Kumanga

Poveka matayala pa marimu ikitsani mavalavu atsopano ndipo onse apangidwe balansi.

Imikani pamalo athyathyathya olimba, kokani handibuleki, ikani giya, tchingani tayala ndi mwala kapena chipika. Masulani manati pang'ono galimoto ikadali pansi. Kwezani ndi jeke pamalo ake, muike sitandi kapena chipika cholimba cha mtengo pansi pa chasisi. Njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza.

Mukachotsa tayala lakale, palani nkhope ya habu ndi bulashi ya waya. Dzimbiri ndi matope ouma zikatsalira, rimu imakhala mopendekeka ndipo zikadzaphwanyika manati amakhala omasuka. Poti mwatsegula kale, onani mapadi a buleki; ngati atsala pang'ono, sinthani lero, chifukwa ntchito yawo ikuwonjezeka. Musapake girisi kapena oyilo pa mabawuti.

Ikani rimu, yambitsani nati iliyonse ndi zala. Mangani modumphadumpha, iyi kenako yoyang'anizana nayo, osati motsatana. Tsitsani galimoto, mumalize ndi sipanala yoyeza mphamvu, torque wrench, pa nambala yolembedwa m'buku la galimoto yanu. Pa mapikapu ambiri imakhala pakati pa 100 ndi 140 Nm. Chizolowezi choika paipi pa wilosipanala n'kudumphapo ndi phazi chimatamula mabawuti, ndipo bawuti yotamuka imadzaduka tsiku lomwe mwasenza kwambiri. Ngati mulibe sipanala yotere, pitani pa galaja yomwe ili nayo, muime pomwepo muone akuyeza.

Kenako alaimenti, kuwongola matayala kuti ayang'ane molunjika. Matayala atsopano pa galimoto yopotoka amadyeka mbali imodzi miyezi yochepa.

7. Mpweya

Yambirani pa nambala ya pachitseko ya galimoto yodzaza. Ngati mwachoka pa tayala wamba kupita pa LT, dziwani kuti LT imafuna mpweya wochulukirapo kuti isenze katundu yemweyo, ndiye funsani tebulo la kampani ya tayalalo. Nambala ya pakhoma la tayala ndi malire, si ya tsiku ndi tsiku.

Yezani matayala ali ozizira. Kutentha kukasintha ndi madigiri 10, mpweya umasintha ndi pafupifupi 0.1 bar. Mukapopa m'mawa wa Juni ku Dedza n'kutsikira ku Golomoti masana, geji idzakwera. Musaphwetse, mawa lake adzakhala ochepa mpweya, ndipo tayala lochepa mpweya losenza katundu ndi lomwe limatentha n'kuphulika. Kuti muone ngati mwapeza mlingo, jambulani mzere wa choko mopingasa mano, muyende pang'ono pa tala. Chikafufutika pakati pokha, mpweya wachuluka. Chikafufutika m'mbali mokha, wachepa.

8. Bwererani ku ngolo

Yezaninso kampira kaja. Kakwera. Kolekani ngolo yodzaza pamalo athyathyathya, muime patali muiyang'ane: iyenera kugona mowongoka, kapena mphuno kutsika pang'ono chabe. Mphuno ikaloza kumwamba, ngolo imayamba kuvina mukathamanga, ndipo ya maekiselo awiri imasenzetsa ekiselo yakumbuyo yokha. Mankhwala ake ndi mbale yachitsulo yotsitsira kampira, yopangidwira ntchitoyo ndi yodindidwa kulemera kwake, osati yowotcherera pamsika.

Katundu wolemera akhale pamwamba pa ekiselo ya ngolo ndi kutsogolo pang'ono, kuti mphuno isenze maperesenti 7 mpaka 10 a kulemera kwa ngolo yonse. Matayala olimba sawonjezera ngakhale kilogalamu imodzi pa zomwe galimoto imaloledwa kukoka kapena kunyamula. Chasisi, masipuling'i ndi mabuleki ndi zomwe zija. Mapikapu ambiri amaloledwa kukoka makilogalamu 750 okha ngati ngolo ilibe mabuleki akeake, ndipo ngolo zambiri zowotcherera kwathu kuno zilibe. Werengani matumba anu moona mtima.

Adziwitseni a inshuwalansi kuti mwasintha saizi, ndipo funsani ku Road Traffic musanapite kokatenga COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

9. Ulendo woyesa

Yambani opanda katundu, kenako ngolo yopanda kanthu, kenako theka la katundu. Pamsewu wopanda anthu pondani buleki mwamphamvu mumve kutalika kwa poimira kwatsopano.

Tsegulani GPS pa foni, wina akugwirireni, muyerekeze ndi sipidomita. Tayala lokula ndi maperesenti atatu ndi theka limatanthauza kuti pomwe kale munkayenda 80 tsopano mukuyenda 83 singano ili pamalo omwewo. La maperesenti 7 ndi 86. Apolisi a pamsewu amayeza liwiro lenileni. Makilomita nawonso amawerengeka ochepa, choncho powerengera dizilo ndi nthawi yosintha oyilo muziwonjezera maperesenti omwewo.

Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, manganinso manati onse ndi sipanala yoyeza ija. Ulendo wochoka pa Dedza boma kufika pa Ntcheu wakwanira. Marimu atsopano a aluminiyamu amakhazikika pa habu m'makilomita oyambawa, ndipo nati yomwe inali yolimba m'mawa mutha kuipeza yazungulira pang'ono. Mukaima, yandikizani dzanja pa habu iliyonse ndi pa matayala, a ngolo omwe. Imodzi ikatentha kuposa zinzake, fufuzani musanapitirire.

Khwekhwerere musiye komaliza, mutayesa kale zonsezi. Imani pamwamba musanayambe kutsika, muone manati, mpweya, loko ya kampira ndi tcheni. Lowani giya yotsikirapo ndi imodzi kuposa yomwe munkatsika nayo ndi matayala akale, ndipo muilowe mtsetse usanayambe. Buleki muziponda mwamphamvu kwa kanthawi n'kusiya kuti izizire, osati kugonekapo phazi njira yonse. Mukamva fungo la mapadi kapena phazi likayamba kulowa, patukani pamalo oyamba otakasuka, tchingani matayala ndi miyala, mudikire theka la ola. Madzi musathire pa disiki yotentha, imapindika.